Miyala khumi ndi inayi ya pa Chitseko

Mapu aja analowa m'nyumba mwathu ku Govanhill ngati mphatso. Mdzukulu wanga Tadala anawapeza m'kasitolo ka mabuku akale ku Partick, ndipo anakwera nawo masitepe onse akuthamanga mpaka pamwamba pomwe timakhala. Anali mapu a phiri la Mulanje, akale kwambiri, pepala lake litafiira ngati tiyi wamkaka. Mtsikanayu anabadwira konkuno ku Glasgow. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi chakuno chothamanga chija, ndipo Loweruka lililonse amavala zinsapato zake n'kupita kukakwera mapiri.

Anawayala patebulo n'kundiuza kuti mu Ogasiti apita kumudzi ndi anzake awiri. Amayi ake, mwana wanga Esnati, anamuuza kale kuti ndili mnyamata ndinkagwira ntchito ndi oyeza malo. Anaika chala pa kamzere ka timadontho kochokera pamalo otchedwa Chitseko kutsikira kumtsinje, n'kunena m'Chichewa chake chopindikacho, "Agogo, njira yanu iyi. Ine ndidzadutsa pano."

Ndinati ndikufuna madzi akumwa. Ndinakaima kukhitchini mpaka iye atatuluka.

Njira imeneyo kulibe. Sinakhalepo ndi kale lomwe, ndipo amene anaiika papepalapo ndine.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wosadziwa kulemba ngakhale dzina langa la Maliko. Mzungu wathu tinkamutcha Bwana Chingwe chifukwa cha chingwe choyezera chimene sankasiyana nacho. Chichewa ankachilankhula bwino. Nsonga za phiri ndi mitsinje ankaziona pa zithunzi zojambula pandege, koma njira za pansi pa mitengo sizioneka pazithunzi, ndiye ankatituma ife kuti tiziyende ndi miyendo. Ukaponda mapazi zana limodzi, umatola kamwala n'kuika m'thumba. Pobwerera umakhuthula timiyalato pa tebulo lake la miyendo itatu, n'kuloza komwe njira yakhotera, iye n'kumalemba.

Tsiku lina anandituma pa Chitseko, mpata wa pakati pa matanthwe awiri, pomwe pankaoneka ngati palowa kanjira. Kwathu ku Phalombe akuluakulu ankati pamenepo munthu sapitirira, ndipo ngakhale ocheka mikungudza ankabwerera pomwepo. Ndinaopa kuuza mzungu zimenezo. Nditangolowa mapazi makumi awiri, chiperoni chinatsika, nkhungu ija yozizira imene imabisa ngakhale dzanja lako lomwe. Kutsogolo kwanga ndinamva munthu akutsokomola. Ndinabwerera chafutambuyo, ndinakakhala pansi pa thanthwe mpaka dzuwa litapendeka, kenaka ndinatola miyala khumi ndi inayi n'kukauza Bwana kuti njira yatulukira kumtsinje. Anawerenga miyala ija, analemba, anandipatsa ndudu.

Patapita zaka, Bwana atabwerera kale kwawo, kuphiri kunabwera mlonda wa nkhalango watsopano, Lemani wa ku Ntcheu. Anali wophunzira, ndipo anali mnzanga. Ndiye anayamba kundionetsa zilembo, akulemba ndi khala pamwala. Tsiku lina uthenga unakwera woti mkazi wake, amene anali ndi pakati, wayamba kudwala kumunsi. Kunali chiperoni. Iye anatenga mapu n'kuona njira yachidule ya pa Chitseko. Tinakamupeza patatha masiku anayi m'munsi mwa phompho, mapu ali m'thumba la pachifuwa. Ndinali mmodzi wa omunyamula. Anthu anati mizimu ya kuphiri yamutenga, ine osanena kanthu. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti mwina miyala yanga ndi pepala lakelo sizikukhudzana. Nditalowa sukulu ya kwacha ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndinakaima pamaso pa mapu amenewo m'kanyumba ka alonda, n'kuwerenga ndekha mawu oti Chitseko, timadontho tija tikutsika pansi pake.

Sabata imene Tadala anabweretsa mapu, titatuluka m'tchalitchi ku Govan, Mayi Nachisale ankasimba za mng'ono wawo Gelesi, amene amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kumpoto, kupitirira Fort William. Anati kumeneko kuli mzungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi amene mutu unasokonekera, Chingerezi chinamuthawa, amangolankhula Chichewa ndi kufunsa chingwe chake. Anthu anaseka. Ine ndinapempha nambala ya Gelesi.

Ndisaname pano. Sindinanyamuke kuti ndikaulule. Ndinkafuna kuti Bwana akanene ndi pakamwa pake kuti mwina dzanja lake linaphonya, kuti ine ndidzauze Tadala kuti mzungu analakwitsa, asadutse pamenepo. Ndinkafuna mwanayo apulumuke, koma dzina langa lipulumukenso.

Ndinanyamuka Lachiwiri m'mawa. Esnati ndinamuuza kuti kuli msonkhano wa abambo a mpingo. Mapu ndinawachotsa m'kabati ya Tadala n'kuwaika mkati mwa jekete. Basi ya m'tauni inanditula pafupi ndi depoti yaikulu, ndipo ndinkayenda modzidalira chifukwa ndili ndi khadi la okalamba, lomwe timakwerera basi osalipira. Koma dalaivala wa basi ya kumpoto anati khadi lokha silikwanira, mpando umasungitsidwa, ndipo yake yadzaza. Ndinaima n'kuiona ikutuluka. Mayi wa pawindo la matikiti anandipezera malo m'basi yotsatira, ya maola awiri kutsogolo. Ndinakhala pabenchi lachitsulo lozizira, nkhunda zikuyenda pakati pa miyendo yanga. Kawiri konse ndinaimirira kuti ndizibwerera kunyumba. Kachiwiriko ndinafika pachipata, koma ndinakumbukira chala cha Tadala pa timadontho tija.

M'basi yachiwiri ndinakhala ndi mayi wina wokalamba wa kuno, wowonda, wa tsitsi loyera lalifupi, ali ndi ndodo ziwiri zokwerera mapiri. Anati dzina lake ndi Moragi. Anandipatsa siwiti tisanatuluke n'komwe mumzinda, ndipo pofika ku Dumbarton anali atandiuza kale za bondo lake lachitsulo ndi za mwamuna wake amene anamwalira. Chingerezi changa n'chotolatola, koma iye ankalankhula mofatsa. M'mbali mwa nyanja ya Lomond msewu ndi wopapatiza kwambiri moti basi yathu inaima kuti lole ya matabwa idutse, magalasi atatsala pang'ono kukhulana. Fungo la paini wocheka kumene linalowa m'basi.

Pa Tyndrum anatipatsa mphindi khumi. Ndinagula tiyi pamtengo umene kwathu ukanagula nkhuku, ndipo anali wotentha moti sindinathe kumwa. Titabwerera, dalaivala anayenda pakati pa mipando akuwerenga mitu. Anafika kumbuyo, anabwerera, anayang'ana papepala lake, anayambiranso. Kenaka anaseka n'kunena kuti nthawi zonse amasowa munthu mmodzi, koma lero wapeza mmodzi woonjezera. Anafunsa ngati pali wokwera pamenepa. Palibe anayankha. Anawerenga kachitatu, anati tsopano zakwana, maso ake ndiwo akalamba. Anthu anaseka naye. Ine sindinacheuke kuyang'ana kumbuyo, ndipo kuyambira pamenepo ndinkamva fungo la zovala zonyowa zimene zaumikidwa pa utsi.

Titadutsa Bridge of Orchy msewu unayamba kukwera, mitengo inatha, tinatulukira pachidikha chachikulu chotchedwa Rannoch. Kulibe nyumba, kulibe munda. Ndi udzu wofiirira, matamanda a madzi akuda ndi miyala basi. Pamenepo injini inasintha kaliridwe. Kunamveka fungo la mphira wopsa, dalaivala anapatukira pambali, basi inanjenjemera kamodzi n'kuti zii.

Anatiuza kuti ina ikubwera, tisatekeseke. Ola loyamba anthu ankacheza. Anyamata ena a kumbuyo anatuluka kukajambula zithunzi, bambo wina ankakweza foni yake m'mwamba kufunafuna netiweki. Ola lachiwiri kuzizira kunalowa, macheza anachepa. Kenaka nkhungu inabwera. Sinatsike kumwamba ayi, inabwera chokwawa pamwamba pa udzu, ikumeza thamanda limodzi, kenaka lina, mpaka mawindo onse anangoti mbuu. Ndinali ndisanaione nkhungu yotere chichokereni kwathu. Chinali chiperoni chenicheni.

Sindikudziwa chimene chinandichititsa kutulutsa mapu. Mayi Moragi atawaona anavala magalasi, anapempha kuti awagwire. Anati iye wakhala akuyenda ndi mapu kuyambira ali mtsikana, ndipo akale ngati awa amawakonda chifukwa munthu amaona dzanja la wojambula. Ankayendetsa chala pang'onopang'ono, akutchula mayina athu molakwitsa, ine n'kumamukonza. Anandionetsa timizere tofiirira tokhotakhota tija, n'kunena kuti tikatalikirana ndiye kuti malo ndi oyalana, tikathithikana ndiye kuti ndi potsetsereka. Zimenezo ndinali ndisanauzidwepo ndi munthu.

Chala chake chinafika pa Chitseko n'kuima. Anaweramira pafupi. Anati apa mizere yagundana mpaka yasanduka umodzi, kutanthauza kuti ndi phompho loongoka ngati khoma, koma njira yangodutsa pamwamba pake osakhota n'komwe.

"Pamenepa pali makwerero?" anandifunsa.

Ndinati palibe.

"Ndiye wina sanayendepo," anatero. Anandibwezera mapu n'kuvula magalasi. Sanandiyang'ane moipa, sankadziwa kanthu. Chinthu chimene ndinachibisa zaka zoposa makumi asanu, mayi wachilendo anachiona m'mphindi imodzi, siwiti ali m'kamwa.

Ndinati ndikufuna kukadzithandiza. Chimbudzi cha m'basi chinali chitatsekedwa, ndiye dalaivala ananditsegulira chitseko n'kundichenjeza kuti ndisatalikire. Ndinatsika mumsewu, ndinalowa m'udzu. Pansi panali pofewa, madzi akulowa m'nsapato. Chizolowezi chakale sichinandichoke, mpaka lero ndikamayenda mapazi amadziwerenga okha mumtima. Ndinafika makumi awiri. Nditatha zanga n'kutembenuka, basi kunalibe. Msewu kunalibe. Kulikonse kunali koyera chimodzimodzi, ndipo sindinadziwenso kumene ndachokera.

Ndinaima phee. Patsogolo panga, pafupi ndithu, munthu anatsokomola.

Sikunali kutsokomola koopseza. Kunali ngati kwa munthu amene wafika pakhomo ndipo akufuna mudziwe kuti wafika. Ndinafunsa m'Chingerezi kuti ndani, osayankha. Ndinafunsa m'Chichewa. Anatsokomolanso, tsopano patali pang'ono, ngati wayamba kuyenda ndipo akudikira kuti ndimutsate. Miyendo yanga inayamba kupita yokha. Ndinadzimva ndikuwerenga, makumi atatu, makumi anayi, ndipo sindikukumbukira kuwerama, koma m'dzanja langa munali kamwala kozizira. Apo m'pamene kherere inalira kumbuyo kwanga, katatu, kenaka hutala ya basi. Ndinaponya kamwalako pansi n'kutsata phokosolo.

Anali Mayi Moragi, ataima m'mbali mwa msewu ndi kherere yake ya m'mapiri. Anandigwira pamkono mwamphamvu n'kunena kuti kutsogolo kumene ndinkapitako kuli matope omeza ng'ombe. Ndinafunsa ngati pali wina anatuluka m'basi. Anati onse ali m'kati, dalaivala wawerenga, ndimasowa ndine ndekha.

Basi ina inafika patatha maola atatu. Tinasamutsa katundu mwakachetechete. Chigwa cha Glencoe ndinangochiona ngati makoma akuda mbali zonse. Ku Fort William Mayi Moragi anandigwira chanza n'kundiuza kuti mapuwo ndisampatse munthu woti akayendere, ndi ongopachika pakhoma. Kabasi kopita kumudzi kwa Gelesi kanali katapita kale. Ndinadikira kena pafupifupi ola, masokosi ali chinyowere, ndikudya buledi amene ndinatenga kunyumba. Foni inalira kawiri, Esnati. Sindinayankhe.

Ndinafika cha m'ma faifi koloko, kunja kukadali kowala monga kumachitira kuno mwezi wa Meyi. Gelesi anandilandira pakhomo atavala yunifolomu, anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Mwayenda bwanji, bambo? Tinayamba kuda nkhawa." Anandichenjeza kuti mkuluyo sazindikira munthu, ngakhale ana ake omwe, ndiye ndisakhumudwe.

Anali pampando pafupi ndi windo, bulangete lili pamiyendo. Munthu uja ankakwera matanthwe ngati mbuzi anali atatsala mafupa okha. Patsogolo pake panali katebulo kodyerapo, ndipo manja ake ankasalaza pamwamba pake ngati akuyala pepala. Ndinali nditakonza mawu anga onse m'basi. Ndinkati ndiyambe ndi kumukumbutsa za msasa wathu, kenaka ndimuonetse mapu, ndimufunse ngati mwina nkhungu ya tsiku lija inamusokoneza polemba.

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, osadabwa ngakhale pang'ono.

"Wachedwa, Maliko," anatero. "Dzuwa lapita. Yatulukira kuti njira ija?"

Gelesi anagwira pakamwa. Kwa iye zaka zonsezi kunalibe. Anali adakali pa tebulo lake la miyendo itatu, akudikira amene anamutuma m'mawa. Anagogoda patebulo ndi chala.

"Khuthula tione. Ingati?"

Ndikanatha kunena kuti khumi ndi inayi. Akanavomera, monga anavomerera kale. Ndinapisa manja m'matumba a jekete, ndinawatembenuza onse awiri kuti aone. Munagwa kapepala ka siwiti basi.

"Palibe, Bwana. Sindinapite. Ndinaopa, ndinakhala pansi pa thanthwe. Kumeneko kulibe njira, kuli phompho."

Sanakalipe. Anati, "Ukanangonena. Bweretsa pensulo." Ndinayala mapu patebulo, Gelesi anachotsa cholembera m'thumba la yunifolomu n'kumupatsa. Anachigwira mokhazikika. Sanafunefune, anapita pa Chitseko pomwepo, n'kudula timadontho tija kamodzikamodzi, kalikonse ndi kamtanda kake, mpaka kumtsinje. Atatha anati ndi mwayi kuti ndanena pepala lisanapite kosindikiza, chifukwa munthu akanafa nalo.

Sindinamuuze. Mwina ndinalakwanso pamenepo, koma sindinaone chifukwa chomusenzetsa maliro munthu amene sadziwa n'komwe kuti ali kuti. Ndinapinda mapu. Pamene ndinkatsanzika, maso ake anadutsa paphewa langa kupita kuchitseko.

"Nanga mnzakoyo bwanji salowa?" anafunsa. "Wanyowa. Muuze kuti njira tafafaniza, azipita kwa mkazi wake."

Gelesi anasuzumira m'khonde n'kubwerera. Anati mkuluyo amatero nthawi zina, amaona anthu, ndisaziike kumtima. Ndinavomera ndi mutu. Sindinamuuze kuti Bwana Chingwe anachoka ku Malawi Lemani asanabwere kuphiri, ndipo awiriwa sanaonanepo.

Basi yobwerera inali itatha, ndiye Gelesi anati ndigona kwa iye ndi mwamuna wake, ndidikire aweruke. Ndinatuluka kukakhala pabenchi panja, moyang'ana nyanja. Fungo la utsi lija silinalinso pa ine. Koma mapu amene Bwana anakonza anali amodzi okha, a m'jekete langa. Ena onse, m'makabati a anthu, m'mafoni mmene ana amawakopera masiku ano, njira yanga ikadalimo.

Ndinayimbira Tadala. Anayankha msanga, akulankhula mothamanga kuti amayi ake andifunafuna mpaka kutchalitchi, ndili kuti, mapu ake ndatenga ndine kodi. Ndinamuuza kuti akhale pansi, ndipo andilole ndilankhule Chichewa mpaka ndimalize, pomwe sanamve afunse pambuyo. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa ndudu ija. Dzina la Lemani ndinalitchula mokweza koyamba chimuikireni m'manda.

Kenaka Tadala anafunsa, m'Chichewa, akusankha liwu limodzilimodzi, ngati mwana wa Lemani uja anabadwa.

Ndinati anabadwa, wamkazi. Amayi ake anabwerera naye ku Ntcheu, ndipo mudzi wake ndikuudziwa.

"Ndiye mu Ogasiti mupita nafe, agogo," anatero. "Kuphiri ndikwera ndi anzanga, pa Chitseko sindidutsa. Koma ku Ntcheu mukalankhula ndinu."

Ndinati ndamva. Nditatseka foni ndinaona kuti matumba a jekete akadali otembenuka, akulendewera kunja. Ndinawabwezera m'kati n'kudikira Gelesi.